SAMUEL JOSIA NTHARA, MPHUNZITSI AMENE ADALEMBA ZA KWATHU

Pa masiku a Yubile timakonda kuwerenga zinthu zooneka ndi maso. Timachula nyumba ya Mulungu, cipatala, masukulu, ndi mipingo yambiri imene idabadwa kucokera patsinde pa phiri lino la Nkhoma. Ndipo kutero nkoyenera, pakuti zonsezi zidamangidwa ndi mapemphero ndi thukuta la anthu ambiri. Koma ziripo nchito zina zimene mlendo sangazione poyendayenda pa Misyoni, cifukwa zidalowa m'mitu ndi m'mitima ya anthu. Imodzi ya nchito zotere ndiyo ya Bambo Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa Misyoni ino, amene adalemba mabuku m'cinenero cathu pa nthawi imene anthu ambiri adayesa kuti kulemba buku ndi nchito ya Azungu okha. Cifukwa cace nkwabwino kuti Akristu, akuru a mpingo ndi alaliki amve mbiri yao, nadziwe mabuku amene adatisiyira.

KUBADWA NDI KUKULA KWAO

A Nthara adabadwa pa 24 September 1905. Masiku amenewo dziko lathu lidali lisanachedwe Nyasaland, pakuti dzinalo lidadza m'caka ca 1907. Ndipo Misyoni ya Dutch Reformed Church idali isanakwanitse zaka 16 m'dziko muno. Idayamba pa Mvera, kwa mfumu Ciwere, pa 28 November 1889, pamene Mbusa A. C. Murray ndi Mbusa T. C. B. Vlok adamanga msasa wao kumeneko. Pa Nkhoma pano amisyoni adafika pa 28 May 1896, ataitanidwa ndi mfumu Mazengera, amene anthu ace adali kukhala pamwamba pa phiri, pakati pa miyala, cifukwa ca kuopa nkhondo za Angoni ndi Ayao. Tsono mwana wobadwa m'caka ca 1905 adakula pakati pa anthu amene adaona nkhondo zija ndi maso ao. Nkhalamba zimene zidathawira kuphiri, ndi zimene zidalandidwa abale ndi ogula akapolo, zidali zikali ndi moyo. Ndipo madzulo pa bwalo nkhani zao zidali zomwezo.

Atate ao a Nthara adali mphunzitsi, kotero kuti m'nyumba imene adakuliramo mudali sileti ndi buku. Iwonso adaphunzira m'masukulu a Misyoni, ndipo atakula adalowa nchito yomweyo ya atate ao. Tikumbukire kuti masiku amenewo mabuku a Cinyanja adali owerengeka. Mphunzitsi wa kumudzi adali nako kabuku kophunzitsira ana malembo, Katekisma, buku la nyimbo, Cipangano Catsopano, ndi Mthenga, nyuzi ya Misyoni imene idayamba kuturuka m'caka ca 1909. Buku Lopatulika lathunthu lidasindikizidwa m'caka ca 1922, a Nthara ali mnyamata wa zaka 17, itatha nchito ya zaka zambiri ya Mbusa W. H. Murray pamodzi ndi othandizana nao, Azungu ndi ana a dziko lino. Bukulo lidaonetsa poyera kuti cinenero cathu cikhoza kusenza nkhani zazitali ndi zozama, monga mibadwo ya makolo, mbiri ya mafumu, miyambi ndi nyimbo. Koma mabuku onsewa adali otembenuzidwa kucokera ku zinenero zina, kapena olembedwa ndi amisyoni. Nkhani yaitali yosimba za munthu wa m'mudzi wa Acewa, yolembedwa ndi mwana wa dziko lino, padalibe.

MPIKISANO WA KU LONDON

M'caka ca 1926 anthu ophunzira a maiko osiyanasiyana, pamodzi ndi atsogoleri a Misyoni zambiri, adakhazika bungwe mu mzinda wa London, dzina lace International Institute of African Languages and Cultures. Nchito yace idali kufufuza zinenero ndi miyambo ya anthu a mu Africa. Akuru a bungwelo adaona kuti ana adali kuphunzira kuwerenga m'masukulu, koma atatha kuphunzirako adasowa coti awerenge. Tsono adayambitsa mpikisano wa kulemba mabuku. Caka ndi caka adasankha zinenero zingapo, naitana eni ace a zinenerozo kuti alembe, nalonjeza mphotho kwa opambana.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 idafika nthawi ya Cinyanja. Pamenepo a Nthara adali kuphunzitsa pa Nkhoma, asanafike zaka 30. Yense amene adagwirapo coko adziwa kuti mphunzitsi alibe nthawi yopuma: usana ali ndi ana, madzulo akonza za mawa, tsiku la Sabata ali m'nyumba ya Mulungu, ndipo dzinja likafika munda naonso umuyembekeza. Angakhale zidali tero, iwo adalemba nkhani yao, naitsiriza, naitumiza kutsidya kwa nyanja. Oweruza adaiwerenga, naipatsa mphotho. Dzina la nkhaniyo ndilo Nthondo, ndipo idasindikizidwa pa makina a Misyoni pa Nkhoma pompano m'caka ca 1933. Mpikisano wa bungwe lomwelo udabalanso buku la Omenuko, limene Pita Nwana adalemba m'cinenero ca Igbo ku Nigeria. Ndipo monga anthu a kumeneko awerengera Omenuko kukhala loyamba la mabuku ao a nkhani zopeka, momwemonso ife tiwerengera Nthondo.

ZA BUKU LA NTHONDO

Bukuli lisimba moyo wa munthu mmodzi, kuyambira ali m'mimba mwa amace kufikira tsiku la maliro ace. Nthondo ndi munthu wopeka, koma owerenga a masiku aja adamzindikira msanga, pakuti m'mudzi uli wonse mudali mnyamata wonga iye. Atate wace amwalira iye akali wamng'ono. Akula wosamvera, nazolowera kuba ndi kunama, nasautsa amace ndi abale ace. Pambuyo pace anyamuka ulendo wa kukafuna nchito kutali, ndipo kumeneko aona zowawa, zina zocokera kwa anthu, zina zodziputira yekha. Mau a Mulungu amfika pang'onopang'ono, kufikira atembenuka mtima. Abwera kwao, alongedwa ufumu, naweruza anthu ace mwacilungamo, namwalira ali Mkristu.

Ulendo wa Nthondo udali ulendo wa anyamata zikwi zambiri a m'dera lino. Msonkho udafuna ndarama, ndipo ndarama zidali ku minda ya Azungu kumwera, ku Halale ndi ku Joni. Ena adabwera ndi njinga ndi zobvala, ena adabwera ndi nthenda, ena sadabwere konse, nasanduka machona. Misyoni yomwe idaona kukula kwace kwa cinthuci, kotero kuti m'caka ca 1912 Mbusa Vlok adacoka kuno kukakhala ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare, kuti akawete Akristu a kwathu okhala kumeneko. Tsono mai wowerenga Nthondo, kapena womvera mwana wace alikumwerengera, adali kumva za mwamuna wace kapena za mlongo wace.

Cimene cikometsa bukuli koposa ndi ici, cakuti mlembi sadafulumire kufika pa kutembenuka mtima kwa Nthondo. Adayamba wamkhazika pansi wowerenga m'mudzi, namuonetsa zonse za m'menemo: miyambo ya pakati ndi ya cikuta, nchito za asing'anga, kulira maliro, kukamba mirandu pa bwalo, ndi macezedwe a amuna ndi akazi. Anthu a m'mudzi wa Nthondo asanamve Uthenga sali zitsiru ai. Ali ndi malamulo ao, ali ndi ulemu, adziwa kuti kuba nkoipa, nalanga wakuba. Mlembi sabisa mantha amene adawamanga, koma awalemba monga munthu alemba za abale ace.

Owerenga ena a m'zaka za pambuyo adadandaula kuti mathero a nkhaniyi afanana ndi ulaliki, ndi kuti Nthondo woipa uja akoma kumwerenga koposa Nthondo wolungama. Mau amenewa ali ndi coonadi cace, pakuti kulemba za munthu wabwino kotero kuti wowerenga asatope ndi nchito yobvuta. Koma tisaiwale kuti a Nthara adali Mkristu wolembera anthu amene adaona ndi maso ao akuba ndi oledzera alikusandulika. Kwa anthu amenewo kutembenuka mtima kudali cinthu cocitika m'mudzi, conga kubadwa ndi imfa.

NTHONDO AOLOKA NYANJA

Mmodzi wa iwo amene adaona zolemba za a Nthara ku Ulaya ndiye Mbusa Thomas Cullen Young, amene adagwira nchito zaka zambiri mu Misyoni ya Livingstonia, nadziwa zinenero ndi miyambo ya dziko lino. Iye adatembenuza Nthondo m'Cingerezi, ndipo m'caka ca 1934 bungwe la Religious Tract Society lidasindikiza bukulo ku London ndi dzina lakuti Man of Africa. Pa cikuto dzina la mlembi lidalembedwa Ntara, ndipo ndilo adziwika nalo kunja kufikira lero. Mau oyamba a bukulo adawalemba ndiye Julian Huxley, katswiri wochuka wa maphunziro a zamoyo, amene pambuyo pace, m'caka ca 1946, adakhala mkuru woyamba wa UNESCO. Munthuyo sadali wa mpingo konse, komabe adaona kuti buku la mphunzitsi wa Misyoni liyenera kuwerengedwa ndi anthu a kwao.

Tilingalire kulemera kwace kwa cinthu ici. Kufikira nthawi imeneyo a ku Ulaya adamva za ife makamaka pakamwa pa apaulendo, a Boma ndi amisyoni. Ena a iwo adatikonda, nalemba zoona monga adakhoza. Koma mlendo aona za pa bwalo, za kuseri kwa nyumba sazidziwa. Tsopano mphunzitsi wa pa Nkhoma adali kudzinenera yekha m'nyumba za anthu a ku England ndi Scotland. Ndipo Mbusa Young sadalekere pomwepo. M'caka ca 1946 iye ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene masiku amenewo adali dotolo ku London, adaturutsa buku la Our African Way of Life, m'mene adatembenuza zolemba za ana atatu a dziko lino zofotokoza miyambo ya kwathu.

MBIRI YA ACEWA

Buku laciwiri limene a Nthara akumbukiridwa nalo ndilo Mbiri ya Acewa, limene lidaturuka nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri pafupi kutha. Mitundu ina idali italandira kale alembi ao. Mbusa Yohanna Abdallah wa mpingo wa Anglican adalemba za Ayao, ndipo buku lace lidasindikizidwa m'caka ca 1919. Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni adalemba za Angoni a kumpoto. Koma Acewa, angakhale ali ocuruka, mbiri yao idali ikali m'kamwa mwa nkhalamba, yomwazikamwazika, mfumu iri yonse ndi cigawo cace.

A Nthara adasonkhanitsa zimene akuru ndi mafumu adakumbukira, nazilongosola m'buku limodzi. M'menemo tiwerenga za kucokera kwa makolo athu ku Uluba, m'dziko la Congo. Za Kalonga ndi Nyangu. Za mafuko a Phiri ndi Banda. Za kupatukana kwa Undi, amene adalowera kumadzulo. Za Mwase wa ku Kasungu ndi mafumu ena. Ndi za kufika kwa Angoni. Ife a ku Nathenje ndi ku Mitundu tiri ndi gawo lathu m'mbiri imeneyi, pakuti mapiri a Dzalanyama, amene tiwaona dzuwa likamalowa, ndiwo asunga Kaphirintiwa, pamene makolo adati pali mapazi a anthu oyamba pathanthwe. Ndipo Msinja, kumene Makewana adasunga kacisi wa mvula, uli m'dziko lomweli la Lilongwe.

Kapena wina adzafunsa ngati nkoyenera kuti Mkristu, ndiye mphunzitsi wa Misyoni, alembe za Makewana ndi za nsembe za mvula. Funsoli si lacabe, pakuti mpingo wathu udalimbana kolimba ndi nyau ndi miyambo ina, ndipo Akristu oyamba adasauka cifukwa ca kuzikana. Koma kulemba cinthu nkwina, kucipembedza nkwinanso. Buku Lopatulika lomwe lisunga maina a makolo a Israyeli, abwino ndi oipa omwe. Lisimbanso za misanje ndi mafano amene adawagwadira, kuti ana adziwe kumene adacokera ndi cimene adapulumutsidwako. Mlaliki wosadziwa cimene agogo ace adaopa, ndi cimene adayembekeza popereka nsembe kwa Cauta, adzalalikira ngati mlendo pakati pa abale ace. Buku la a Nthara limthandiza kulalikira monga mwini mudzi.

Bukuli liri ndi zoperewera zace. Nkhalamba sizidawerenge zaka monga ticita ife, ndipo mbumba iri yonse isimba mbiri mokometsa ufumu wace. Cifukwa cace pali malo pamene a kwa mfumu ina adzati nkhani siidayende tero. Ophunzira a pambuyo adazindikira zimenezi, koma sadalitaye bukulo. M'caka ca 1973 lidasindikizidwa m'Cingerezi ku Wiesbaden, m'dziko la Germany, ndi dzina lakuti The History of the Chewa. Adalitembenuza ndiwo a W. S. Kamphandira Jere, ndipo Harry Langworthy, amene adafufuza za ufumu wa Undi, adaonjezapo mau ofotokozera. Kufikira lero munthu wolemba za Amaravi sangathe kulilambalala. Akuru amene adauza a Nthara nkhanizo adagona kale onse. Ndipo cikhala kuti sizidalembedwe, zambiri zikadapita nao kumanda.

MABUKU ENA

M'caka ca 1949 mudaturuka mabuku ena awiri. Loyamba ndilo mbiri ya Msyamboza, mfumu ya mudzi wa Cibanzi kufupi ndi Kongwe, limene Mbusa Young adalitembenuzanso m'Cingerezi, nalicha Headman's Enterprise, losindikizidwa ndi Lutterworth Press ku London. Msyamboza adali munthu weniweni, wobadwa Azungu asanafike, amene adamwalira ali nkhalamba yokalambadi m'caka ca 1926. Adapulumuka m'masiku a nkhondo za Angoni, nacita malonda a minyanga, nasonkhanitsa anthu ambiri m'mudzi mwace. Adali wokonda kuyesa zatsopano: adathirira minda ndi madzi a mtsinje, nabzala tirigu ndi mbeu zina zacilendo, nalandira sukulu, ndipo potsiriza adabatizidwa. Mwa Nthondo a Nthara adaonetsa mnyamata wotayika amene Uthenga udambweza. Mwa Msyamboza adaonetsa munthu wanzeru ndi wamphamvu kale, amene adayesa Uthenga monga adayesera mbeu, naupeza wabwino. Akuru a mpingo amene ali mafumu kapena nduna adzapindula powerenga mbiri imeneyi.

Laciwiri ndilo Nchowa, nkhani yopeka yosimba moyo wa mkazi, losindikizidwa ndi Longmans. Masiku amenewo atsikana ofika patali ndi sukulu adali ocepa, ndipo nkhani zambiri zidali za amuna. Tsono nkoyamikika kuti mlembi adaona kuti moyo wa mkazi, ndi mayesero ace, uyenera buku lace lace.

M'caka ca 1964, caka comwe dziko lathu lidalandira ufulu, adaturutsa mbiri ya Mbusa Namon Katengeza. Abusa Katengeza ndi Abusa Andreya Namkumba ndiwo ana a dziko lino oyamba kudzozedwa ubusa mu Misyoni yathu, m'caka ca 1925, kutatsala caka cimodzi kuti Nkhoma alowe mu Church of Central Africa Presbyterian. Pamene bukulo lidaturuka padali patapita zaka ziwiri zokha cicokere caka ca 1962, m'mene Misyoni idapereka nchito zace m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma. Mpingo woima pa wokha udafunika kudziwa atate ace a m'dziko momwe muno, ndipo a Nthara adaulembera za mmodzi wa iwo. Adalembanso Mau Okuluwika m'Cinyanja, m'mene adasonkhanitsa mau ozama a akuru ndi matanthauzo ace, kuti ana a sukulu asataye cinenero ca kumudzi.

MASIKU OTSIRIZA, NDI COLOWA CATHU

A Nthara adakhala ndi moyo kufikira adaona zinthu zimene pa unyamata wao munthu sakadazilota. Adaona Nyasaland alikusanduka Malawi m'caka ca 1964. Adaona cinenero cimene adalembamo cirikukwezedwa m'caka ca 1968 kukhala cinenero ca dziko lonse, ndi kuchedwa Cicewa. Adaonanso alembi ena alikuuka pambuyo pao, monga a John Gwengwe, amene adalemba Sikusinja ndi Gwenembe ndi Kukula ndi Mwambo, ndi a E. J. Chadza, amene adalemba Nchito za Pakamwa. Adamwalira m'zaka za m'ma 1970, atapitirira zaka 70 za kubadwa.

Tikayang'ana moyo wao wonse tipeza kuti sadayembekeze kufikira atapita ku masukulu akuru a kunja. Adayamba ndi zimene adali nazo, ndizo maphunziro a Misyoni, makutu omvetsera akuru, pepala, ndi cipiriro. Adalemba m'cinenero ca amai ndi agogo, osacita naco manyazi. Ndipo a kunja amene adafuna kumva adacita kufuna wowatembenuzira. Adagwira cikhulupiriro cao osacibisa, nasunganso ulemu kwa makolo amene adafa asanamve Uthenga.

Makolo adati mau a akuru akoma akagonera; koma mau agonera pokhapo pali wowasunga. Abale, nchito imene a Nthara adaiyamba siidathe. M'mipingo yathu ya ku Nkhoma, ku Nathenje ndi ku Mitundu zikalipo nkhalamba zodziwa mtengo umene sukulu yoyamba ya m'mudzi mwao idayambira patsinde pace, dzina la mphunzitsi amene adaiyamba, ndi mfumu imene idamlandira kapena kumkana. Alipo amai okumbukira m'mene Cigwirizano cidafikira kwao, ndi iwo amene adacitsogolera. Alipo owerengeka amene adaona njala ya 1949 ali ana, nadziwa cimene anthu adadya kuti apulumuke. Caka ndi caka tiwanyamula kunka nao kumanda, tiyimba, tibwerera kwathu, ndipo zimene adadziwa zitsala komweko.

Cifukwa cace, inu alaliki, aphunzitsi ndi akuru a mpingo, amene mulowa m'nyumba za anthu kukaceza ndi odwala ndi okalamba, tengani kope ndi pensulo. Khalani pansi pa mphasa, funsani mwaulemu, musafulumire. Lembani maina a anthu, maina a midzi ndi mitsinje, ndi caka ngati cidziwika. Pamene caka sicidziwika lembani cocitika cimene akuru akumbukira naco, kapena dzombe, kapena njala, kapena kufa kwa mfumu. Mukatha kulemba muwawerengere eni ace, kuti akonze pamene mwaphonya. Ndipo akasiyana awiri, lembani mau a onse awiri. Pamenepo perekani kopelo kwa mlembi wa mpingo, kuti lisungike pamodzi ndi mabuku a ubatizo. Si onse adzasindikiza buku, ndipo si onse adzalandira mphotho ya ku London. Koma mpingo uli wonse ukhoza kukhala nalo kope lace, kuti iwo amene adzacita Yubile irinkudza asadzasowe powerenga.

Tiyamika Mulungu cifukwa ca mtumiki wace Samuel Josia Nthara, ndi cifukwa ca nkhalamba zija zosachulidwa maina zimene zidamsimbira mbiri ya makolo athu.